Amene wakuonetsani ofesiyo amalipidwa ndi ndani?

Mukaona chikwangwani choti pali ofesi ya lendi mu Victoria Avenue ku Blantyre kapena ku City Centre ku Lilongwe, n'kuimba nambala yomwe ili pansi pake, amakuyankhani munthu waulemu ndi wodziwa ntchito yake. Amakutsegulirani zitseko zonse, mpaka kukuonetsani zenera lomwe mphepo imalowera. Koma malipiro ake amachokera kwa mwini nyumbayo, ndipo kawirikawiri lendi ikakwera, naye komishoni yake imakwera. Munthuyo si wakuba ayi. Kungoti si wanu.

Ine ntchito yanga ndi kuimira wochita lendi. Kampani, bungwe kapena banki ikafuna ofesi, ndimaifunira malo, kuyerekeza mitengo ndi kukambirana ndi landilodi m'malo mwake. Achibale anga mpaka lero amandiika gulu limodzi ndi maejenti amene amakuyendetsani mu Area 25 kapena ku Chilomoni mutawapatsa kaye ndalama yoonera nyumba. Anzangawo sindiwanyoza, koma kupeza nyumba ndiye gawo lopepuka pa ntchito yanga. Nyumba zamaofesi m'mizinda yathu n'zowerengeka ndipo eni ake timawadziwa: MPICO, yomwe inalowa pamsika wa masheya mu 2007, ICON Properties yomwe inalowapo mu 2019, makampani a inshuwalansi ndi a penshoni, komanso mabanja a amalonda akalekale a ku Limbe ndi ku Old Town. Thukuta limatuluka tikafika pamapepala.

Ndisanawerenge chilichonse ndimayamba ndayeza. Lendi ya ofesi imawerengedwa pa sikweya mita iliyonse pamwezi, choncho funso loyamba n'lakuti: masikweya mita akutchulidwawo ndi ati? Malandilodi ena amawerengera malo okhawo amene mungaikepo desiki ndi kabati. Ena amaphatikizamo kolido, masitepe ndi zimbudzi zomwe mukugawana ndi makampani ena. Tiyerekeze kuti pepala likuti masikweya mita 200 pa mtengo wa K15,000, pomwe tepi yanga yapeza 180. Ndiye kuti mwezi uliwonse mukutaya K300,000, ndipo pakutha pa zaka zitatu mwapereka K10,800,000 kulipirira masitepe. Palibe amene wanama poyera apa, chifukwa njira zoyezera n'zosiyana. Chofunika n'chakuti mgwirizano unene njira yomwe yagwiritsidwa ntchito.

Kenako pali ndalama ina imene mabwana ambiri sayiyang'ana n'komwe, yotchedwa service charge. Iyi ndi yolipirira alonda, osesa, chikepe, madzi a m'zimbudzi, magetsi a m'makolido ndi jenereta. Aliyense akamafuna ofesi amafunsa ngati pali jenereta, ndipo akamva kuti ilipo nkhope imawala. Amaiwala kuti walira mvula walira matope. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Majenereta ankalira tsiku lonse, ndipo mabilu a dizilo anagawidwa kwa ochita lendi. Amene mgwirizano wawo unalibe malire a service charge analipira mosawiringula. N'chifukwa chake ine ndimapempha kuona maakaunti a chaka chathacho, ndimafunsa mmene bilu imagawidwira, ndipo ndimakana kuti kasitomala wanga azilipirira zipinda zopanda anthu. Ndimakananso kuti kusintha denga kapena kugula chikepe chatsopano kulowe m'ndalama imeneyi. Zimenezo n'za mwini nyumba.

Ndime yokweza lendi chaka ndi chaka ndiyo imadya nthawi yambiri pazokambirana, ndipo pano ndimawamvetsa malandilodi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene zida za chikepe ndi za jenereta amaitanitsa kunja sangavomere mtengo umodzimodzi kwa zaka zitatu. Koma wochita lendi naye ayenera kuona kumene akulowera. Lendi ya K3,000,000 yokwera ndi 15 peresenti pachaka imakhala K3,450,000 chaka chachiwiri, n'kufika K3,967,500 chaka chachitatu, chifukwa chiwonjezerocho chimakwera pamwamba pa chinzake. Chimene sindilola ndi ndime yongoti lendi idzaunikidwanso malinga ndi msika, osatchula amene adzagamule mukasemphana. Payenera kutchulidwa katswiri woyeza mitengo ya malo woima payekha. Kupanda kutero, msikawo ndi landilodi yemweyo.

Makasitomala anga ambiri ku Lilongwe ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo iwowa ali ndi vuto lawolawo. Ndalama zawo zimabwera ndi polojekiti, polojekiti ikatha kapena ikadulidwa ndalama zimauma, koma lendi siima. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuumirira ndime yolola bungwe kutuluka nthawi isanakwane, litapereka notisi ya miyezi ingapo, ngati opereka thandizo asiya. Malandilodi saikonda, ndipo mwina amakweza lendi pang'ono kuti avomere. Mu 2025 boma la America litadula thandizo la USAID, kusiyana kunaoneka: ena anapereka notisi n'kubweza makiyi, ena anatsala ndi maofesi opanda anthu ndi ngongole ya lendi.

Tsiku lotuluka nalo limakonzedwa tsiku lolowa. Mapangano ambiri amati mudzabweze ofesi mmene munaipezera. Mukaika mapatishoni, mawaya a intaneti ndi makina oziziritsa mpweya, mudzalipiranso kuti muzichotse, n'kupenta, apo ayi depoziti yanu yapita. Ndimajambula chipinda chilichonse kasitomala asanalowetse katundu, ming'alu ndi madontho a padenga omwe, ndipo mbali zonse ziwiri zimasainira zithunzizo. Ndimapemphanso mwezi umodzi kapena iwiri yopanda lendi pamene amisiri akukonza mkatimo. Zimatheka kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka ngati chipindacho chakhala nthawi chili chotseka.

Nanga nyumba zogona zomwe zasanduka maofesi ku Area 10, Area 43, Namiwawa kapena Sunnyside? Zimakopa, chifukwa zili ndi mpanda, mitengo ya mthunzi ndi malo oimikapo galimoto, omwe pakati pa Blantyre ndi osowa zedi. Koma malo amene anaperekedwa kuti pakhale nyumba yogona amafunika chilolezo chosintha ntchito yake, ndipo ndimafuna kuchiona ndi maso. Loya wathu amakafufuzanso ku Lands kuti amene akusainayo ndiye mwini wake. Si zachilendo kupeza kuti mwini nyumba anamwalira ndipo ana sanagwirizane za amene azilandira lendi. Za misonkho ndimangokumbutsa: mtengo womwe mwauzidwawo mwina mulibe VAT, ndipo kampani imayenera kudula msonkho pa lendiyo n'kukaupereka ku MRA. Zotsalazo ndi za akauntanti.

Achinyamata amandifunsa polowera ntchito imeneyi. Ambiri a ife tinadzera m'maphunziro a Land Economy ku Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, kapena a kasamalidwe ka malo ku yunivesite ya Mzuzu, kenako kugwira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa, n'kulowa m'bungwe la Surveyors Institute of Malawi. Kukalasi amaphunzitsa kuyeza mtengo wa nyumba ndi malamulo a malo. Chimene saphunzitsa ndi kudikira. Nkhani imodzi ikhoza kuyenda theka la chaka, n'kufa chifukwa likulu la bungwe ku London kapena ku Johannesburg lasintha maganizo, ndipo wodalira komishoni yokha miyezi yonseyo wagwira yaulere. Wosakonda masamu kapena kuwerenga masamba makumi atatu a Chingerezi cha maloya asabwere kuno.

Pali chinthu china chomwe ife a ntchitoyi sitikonda kuchinena. Msika wathu ndi waung'ono, moti kampani imodzi imatha kusamalira nyumba ya landilodi kwinaku ikulangiza wochita lendi amene akufuna kulowa m'nyumba yomweyo. Kwa ine, kasitomala ali ndi ufulu wofunsa zimenezi ndi kuyankhidwa polemba. Ndimakondanso kuti wondilipira akhale iye mwini, mtengo wogwirizaniratu, kuti lendi ikatsika thumba langa lisalire.

Mafoni ambiri omwe ndimalandira ndi a anthu amene mgwirizano wawo ukutha mwezi wamawa. Pamenepo landilodi akudziwa kale kuti simungasamutse antchito makumi anayi, seva ndi intaneti m'masabata anayi, ndiye atchula mtengo womwe akufuna. Bungwe likandiitana kutatsala miyezi isanu ndi inayi kapena chaka, timakaona nyumba zina ziwiri kapena zitatu, timatenga mitengo yake yolembedwa, kenako timagogoda kwa landilodi wakale. Ambiri mwa makasitomala amenewa sasamuka n'komwe, amangosaina mgwirizano watsopano m'nyumba yomweyo pamtengo wokambirana.