Swici Yaikuru ya Magetsi Ikakana Kukwera

Inu eni nyumba a ku Nsaru, swici yaikuru ya m'bokosi la magetsi ikagwa nikana kukwera, musaimange ndi waya kapena kuicirikiza ndi kamtengo, pakuti igwa kuti nyumba yanu isapse.

Yambani mwazula ketulo, ayironi ndi zonse zolumikiza kukhoma, nimutsitse maswici ang'ono onse. Pamenepo kwezani yaikuruyo, ndi ing'onoing'onoyo pambuyo pace, imodzi imodzi. Imene igwetsanso yaikuru, bvuto liri pa waya wace: kapena makoswe otsata cimanga amtafuna kudenga, kapena mvula yamdonthera. Isiyeni yotsitsa.

Koma yaikuru ikagwabe zinzace zonse ziri zotsitsa, kapena mukamva pfungo la kupserera, itanani mmisiri wa cilolezo ca MERA. Mita ndi ya ESCOM, musaitsegule. Ndipo musakhudze bokosi ndi manja onyowa.