DZIWE LA NDOWE SILIFA LOKHA

Famu ya ng'ombe za mkaka ikatsekedwa, ng'ombe zimagulitsidwa, makola amagumulidwa, antchito nabalalika. Chimene chimatsala ndi dziwe lija munkathiridwa ndowe, mikodzo ndi madzi otsukira m'khola. Anthu amaliiwala, koma ilo limakhalabe loopsa.

Pakapita zaka, pamwamba pa dziwe lotere pamauma ndi kumera udzu, pomwe pansi pali matope akuya oti nkumeza mwana wodyetsa mbuzi. Matopewo akavundulidwa amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa hydrogen sulphide, wonunkha ngati mazira oola. Mpweyawu ukachuluka mphuno imaleka kuumva, ndipo munthu amakomoka nthawi yomweyo. Kawirikawiri wothamangira kukavuula mnzake nayenso amagwa pomwepo.

Vuto lina silioneka ndi maso. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: madzi a ndowe amalowa m'nthaka mpaka kukafika m'zitsime. Izi zachitikapo ngakhale m'maiko olemera. M'chaka cha 2000, m'tauni ya Walkerton ku Canada, mvula yamphamvu inakokolola tizilombo ta m'ndowe za ng'ombe zimene zinathiridwa m'munda, n'kutilowetsa m'chitsime cha tauniyo. Anthu 7 anamwalira ndipo oposa 2,000 anadwala m'mimba.

Ndowe zimasiyanso m'madzi mchere wotchedwa nitrate, umene umalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya wabwino. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mcherewu usapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa nitrate. Ichi ndi chifukwa china choti khanda liziyamwa bere lokha kwa miyezi 6.

Kodi dziwe lotere litsekedwe bwanji?

Kungolikwirira sikuthandiza, pakuti ndowe zokwiririka zimapitiriza kuipitsa madzi a pansi, ndipo malowo amatitimira. Choyamba, mwini malo amange mpanda ndi kudziwitsa mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo. Ntchito ichitike m'chilimwe, mvula isanayambe. Madzi a pamwamba achotsedwe pang'onopang'ono ndi kuthiridwa m'munda wa kutali ndi mtsinje kapena chitsime. Matope otsala asiyidwe kuti aume ndi dzuwa, ndipo munthu asatsikiremo adakali aawisi, makamaka ali yekha.

Ndowe zikauma zifukulidwe zonse pamodzi ndi dothi lakuda la pansi pake. Zimenezi ndi manyowa abwino m'munda wa chimanga, koma osati m'dimba la masamba odya osaphika. Ogwira ntchito avale nsapato ndipo asambe m'manja ndi sopo asanadye. Pomaliza dzenjelo likwiriridwe ndi dothi labwino, litsinderedwe, pakati patumbike kuti madzi a mvula asadikhe, ndipo pabzalidwe udzu.

Pamalopo pasakumbidwe chitsime. Mabanja amene amatunga madzi pafupi apemphe mlangizi wa zaumoyo kuti madzi a m'chitsime chawo akayesedwe.