Kuphunzitsa za Zigoba Zosanduka Mwala

Kaŵirikaŵiri mwana wa m'mapiri a Dowa kapena Ntchisi amatola chigoba cha nkhono m'munda nafunsa ngati ncha makedzana. Mphunzitsi wosakonzeka amangovomera, ndipo mwanayo amakula ndi bodza. Nchifukwa chake tiyenera kudziŵa poyambira.

Choyamba, tizindikire mtundu wa chigobacho. Cha nkhono ya kumtunda nchozungulira, chopepuka ndi chosachedwa kusweka. Cha scallop, kanyama ka m'nyanja yamchere, chimaoneka ngati chikupizo: chili ndi mizere yochokera pamalo amodzi, ndiponso timakutu tiŵiri pamene zigoba ziŵiri zimalumikizana. Chigoba chosanduka mwala chimalemera, chimataya maŵanga ake, ndipo chimapezeka chitakanirira m'thanthwe.

Chachiŵiri, tifunse kumene chatoledwa. Matanthwe a Dowa ndi Ntchisi ngakale zedi, ndipo adasandulika ndi kutentha ndi kupsinjika pansi pa nthaka, kotero kuti sasunga zotsalira za zamoyo. Scallop ikapezeka kumeneko, ndiye kuti idabwera ndi munthu. Koma ku Karonga, m'miyalo ya nthaka yotchedwa Chiwondo, muli zigoba za nkhono za m'madzi opanda mchere, zosonyeza kuti kale nyanja inkafika pamene lero pali pouma.

Chachitatu, tipeze zaka zake. Lamulo limene Nicolaus Steno adalongosola mu 1669 likuti miyalo ikakhala yosasokonezeka, wapansi ndiwo wakale kuposa wapamwamba. Lamuloli limangotiuza chimene chidayamba, osati chiŵerengero cha zaka. Pofuna chiŵerengero, akatswiri adayerekeza mano a nguluŵe zakale a ku Chiwondo ndi a mitundu yomweyo opezeka ku Kenya ndi Ethiopia, kumene phulusa la mapiri ophulika lidapimidwa zaka zake. Ndi njira imeneyi chibwano cha munthu wakale, chimene chidapezeka ku Uraha mu 1991, chidaŵerengeredwa zaka pafupifupi 2,400,000. Zigoba za m'mwalo umodzi ndi chibwanocho nza nyengo yomweyo. Njira yopima kaboni singathandize pano, pakuti imalekezera pa zaka ngati 50,000.

Tingaonetse bwanji zimenezi m'kalasi? Titenge botolo loonekera mkati. Lolemba ana athiremo mchenga ndi chigoba cha nkhono, Lachiŵiri dothi lofiira ndi njere ya chimanga, Lachitatu phulusa ndi nyemba. Lachisanu tiŵafunse: nchiti chidaloŵa poyamba? Mwadziŵa bwanji? Kenaka tikhutchumule botololo ndi kufunsanso. Anawo adzaona okha kuti miyalo ikasokonezeka umboni umatayika.

Pomaliza tipite nawo kuchigwembe cha mtsinje akaone miyalo yeniyeni. Tiŵaphunzitse kulemba malo ndi mwalo umene chinthu chapezekamo asanachigwire, pakuti chigoba chosadziŵika kumene chidachokera sichingatiuzenso zaka zake.