ZOMBO ZOPEPUKA ZOKONZA ZITSIME ZA MAFUTA PANSI PA NYANJA

Mjigo ukaleka kutulutsa madzi pamudzi, amisiri amabwera ndi zipangizo zao, nazula mapaipi, nacotsa caonongekaco, ndipo tsiku lisanathe amai ayambanso kutunga. Zitsime za mafuta ndi gasi nazonso zimadwala. Mcenga umalowamo, mcere umaundana m'mapaipi monga zokanirira za m'ketulo, zotsekera zimatha, ndipo madzi amayamba kucuruka kuposa mafuta. Bvuto lace nlakuti zina mwa zitsimezi pakamwa pace pali pansi pa nyanja yamcere, pamene mmisiri sangapondepo phazi.

Citsime coyamba ca mtundu umenewu cinaikidwa ndi kampani ya Shell m'caka ca 1961 ku Gulf of Mexico, pa madzi osaya ndithu. Lero anansi athu a ku Angola amapopa mafuta pa Girassol, pamene madzi ngozama kupitirira mamita 1,300, kuyambira mu 2001. Ku Mozambique, combo ca Coral Sul cinatumiza gasi woyamba kunja mu November 2022, wocokera m'zitsime zisanu ndi cimodzi zokhala pansi pa madzi ozama pafupi-fupi mamita 2,000. Pa kuya kotere madzi amapsinja koopsya: malo ang'ono ngati cikhadabo amasenza kulemera konga kwa matumba anai a cimanga a makilogalamu 50.

Pa zaka zoyamba nchito zambiri za pansi pa madzi zinali kugwiridwa ndi amuna omira, makamaka ku North Sea, pakati pa Britain ndi Norway. Iwo anali kukhala masabata angapo m'tizipinda tacitsulo todzaza mpweya wopanikizidwa, kuti matupi ao azolowere. Inali nchito yolipira bwino koma yodya anthu. Mu 1983 anthu asanu anafa pa Byford Dolphin pamene mpweya wa m'kacipinda kao unathawa mwadzidzidzi, ndipo mu 2013 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linapeza kuti Boma la Norway silinaonetsetse kuti omirawo auzidwa mokwanira za ngozi ya nchito yao. Ngakhale lero omira safika ku zitsime zozama zedi. Kumeneko kumapita makina oyendetsedwa ndi munthu wokhala m'combo, okhala ndi nyali, makamera ndi manja acitsulo.

Koma makinawa amangogwira za kunja kwa citsime. Kuti alowe m'kati mwace, eni mafuta anali kuitana cimakina cokumbira zitsime, cija coyandama pamadzi cacikuru ngati mudzi. Cimenecico cimalumikiza mpope waukuru wacitsulo kucokera pamwamba pa madzi kufikira pa citsime, cigawo ndi cigawo, ndipo nchitoyi yokha imadya masiku. Lendi yace pa tsiku limodzi imafika madola zikwi mazana angapo. Kuli ngati kubwereka thalakita kuti mukapalire bedi limodzi la repu. Cifukwa ca mtengowo, zitsime zambiri zinali kungosiyidwa zodwala, ndipo mafuta amene akadaturuka anali kutsalira m'nthaka.

Apa mpamene panabadwira nzeru ya zipangizo zopepuka. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, combo cochedwa Seawell cinayamba kukonza zitsime za ku North Sea popanda mpope waukuru uja. Pambuyo pace a ku Norway analimbikira njira yomweyo ndi zombo monga Island Frontier ndi Island Wellserver, zimene zinagwira nchito zaka zambiri pa zitsime za kampani ya Statoil, imene tsopano ichedwa Equinor.

Kagwiridwe kace nkotere. Combo cikafika pamalopo siciponya nangula ai. Makompyuta amalamula mainjini ace kuti cikhale pamodzi-modzi, ngakhale mphepo ndi mafunde zicikankhe. Pakati pa combo pali cibowo coturukira kumadzi, ndipo amisiri amatsitsirapo mulu wa zotsekera womangidwa ku cingwe colimba, naukhazika pamutu pa citsime. Mutu umenewu Azungu amaucha Christmas tree cifukwa ca nthambi zace za mapaipi. Pamwamba pa muluwo pamakhala mpope wautali umene uli ngati cipinda codikirira: cipangizo cimalowa m'menemo, kumwamba nkutsekedwa, ndipo pokhapo mpamene zotsekera za pansi zimatsegulidwa kuti citsikire m'citsime. Cipangizoco cimalendewera ku waya woonda, wina wosafika ndi pa kunenepa kwa pensulo. Pamene wayayo alowera mumpope amapoperapo girisi mwamphamvu, kuti mafuta ndi gasi zisapeze mpata wothawira.

Ndi waya yekhayo amisiri amatha kupima kutentha ndi mphamvu ya m'citsime, kupala zoundana, kutseka cigawo cimene cikulowetsa madzi, kuboola mabowo atsopano kuti mafuta alowe, ndi kusintha zotsekera zotha. Zinthu zikabvuta, monga pamene combo cakokoloka ndi namondwe, m'mulu muja muli mipeni yamphamvu imene imadula waya ndi kutseka citsime nthawi yomweyo. Mdani wina wobisika ndi kuzizira. Gasi akakumana ndi madzi ozizira pansi pa nyanja amaundana ngati matalala natseka njira, motero amisiri amapoperamo mankhwala oletsa kuundanako.

Tisanamize owerenga kuti zombo zopepuka zinathetsa zonse. Waya sangazule mapaipi akuru-akuru a m'citsime, ndipo nchito yotere ifunabe cimakina cija. Combo caching'ono cimabvutikanso msanga nyanja ikakalipa. Ndipo citsime ca mafuta, cikhale cogwiridwa ndi cipangizo cacikuru kapena copepuka, sicimva nthabwala. Pa 20 April 2010 citsime ca Macondo ku Gulf of Mexico cinaphulika pansi pa cimakina ca Deepwater Horizon, anthu 11 anafa, ndipo mafuta anatayikira m'nyanja masiku 87. Pakati pa zombo zimene zinathandiza kulimbana ndi citsimeco panali Q4000, combo comangidwira nchito yokonza zitsime.

Tsopano zombozi zapeza nchito ina imene idzakhalitsa. Minda ya mafuta ya ku North Sea, imene inayamba ndi Ekofisk mu 1969, yakalamba, ndipo malamulo afuna kuti citsime ciri conse cotha nchito citsekedwe ndi simenti kuti cisadzadonthe. Nchito yoyamba ya kutsekako, yopima citsime ndi kuikamo zotsekera, kawiri-kawiri imagwiridwa ndi zombo zopepukazi, kotero kuti cimakina codula cija cimangobwera kudzatsiriza.