Mpira wa pa Kanema ndi Matumba a Cimanga ku Chadiza

CHADIZA — Masewera a mpira wa pa wailesi ya kanema, amene kale anali kuoneka m'nyumba za anthu olemera a ku Lusaka ndi ku Migodi cabe, tsopano afika ndi m'maboma a kumidzi monga Chadiza. Makina a PlayStation kapena Xbox amalumikizidwa ku kanema, ndipo anyamata awiri, yense atagwira padi m'manja, amathamangitsa osewera a Chelsea ndi Real Madrid ngati kuti ali nao m'bwalo. Ena amafunafuna Patson Daka, amene analowa timu ya Leicester City mu 2021, kuti acinye naye zigoli.

Pamene awiriwo akhala pa benchi limodzi, zofunika ndi makina, masewerawo ndi malaiti basi. Koma acinyamata ambiri amalakalaka njira ina, yolimbana ndi munthu wa ku Nairobi kapena ku London kupyolera pa intaneti. Njira imeneyi ndiyo makolo ayenera kuimvetsa bwino asanatulutse ndalama, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Ambiri sadziwa kuti kugula makina ndi masewera sikupatsa munthu cilolezo ca kusewera ndi anzace akutali. Kampani ya Microsoft inayamba kulipiritsa cilolezo cotere mu 2002, pamene inatsegula Xbox Live. Sony inatsata njira yomweyo mu 2013 potulutsa PlayStation 4, ndipo Nintendo nayo inayamba mu 2018. Mu September 2023 Sony inakweza mtengo wa PlayStation Plus ya pansi penipeni kucoka pa madola 59.99 kufika pa madola 79.99 pa caka. Ndalama iyi ili ngati msonkho: caka cikatha, khomo latsekeka mpaka mwini alipirenso.

Tsono madola amenewa alemera bwanji m'midzi ya mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, kumene ndalama imabwera kamodzi pa caka, anthu atakolola? Kumapeto kwa 2024 dola imodzi inali kugulidwa pa K27 ndi kuposerapo, motero cilolezo ca caka cimodzi cinali ngati K2,160. M'caka comweco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Owerenga angawerengetse okha: awa ndi matumba asanu ndi limodzi ndi theka, ndiponso m'caka cimene minda yambiri inapsa ndi dzuwa, kotero kuti mabanja ena sanakolole ngakhale matumba amenewo. Ndi zoona kuti Kwacha inapeza mphamvu mu 2025 ndipo katunduyo anapepukako, koma mtengo umaikidwa kunja, ndipo mlimi wa ku Chadiza alibe mau pa iwo.

Palinso bvuto la kalipiridwe. Dziko la Zambia silili pa mndandanda wa maiko amene Sony inatsegulira sitolo yace ya pa intaneti. Cifukwa ca ici osewera amalembetsa maina ao ngati anthu okhala ku South Africa, ku Britain kapena ku America, nagula makadi a ndalama kwa ogulitsa amene amaikapo phindu lao. Kadi ya dziko lina siigwira nchito pa dzina lolembetsedwa ku dziko lina, ndipo mnyamata wosadziwa zimenezi angataye ndalama zace pa manambala opanda pace.

Kenaka pabwera nkhani ya mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel. Kusewera kweni-kweniko sikudya kwambiri, pakuti ola lathunthu silitha ngakhale gigabaiti imodzi. Cimene cimameza ndalama ndico kutsitsa masewerawo. Mpira wa kampani ya EA, umene unali kuchedwa FIFA mpaka pamene unasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, umafuna magigabaiti makumi angapo, ndipo kawirikawiri eni ace amatumiza zokonzanso zimene makina ayenera kuyamba atsitsa asanalole munthu kulowa pa intaneti. Pamwamba pa izi, mpira watsopano umatuluka caka ndi caka, ndipo anzako onse akasamukira ku watsopanowo, wakalewo umasanduka bwinja.

Ngakhale zonsezi zitalipiridwa, netiweki ya kumudzi ingathe kumgwiritsa munthu mwala. Makompyuta amene amakumanitsa osewera ali kutali, ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo uthenga ukacedwa pang'ono cabe, wosewera wa ku Chadiza amaponya mwendo mpira utapita kale. Starlink, imene inafika m'Zambia mu October 2023, yathandiza ena pa bvuto limeneli, koma mbale yace ndi malipiro a mwezi ndi mwezi ndi za mwini sitolo kapena wa nchito ya malipiro abwino.

Za malaiti anthu sanaiwale. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa Dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo m'miyezi yotsatira malaiti anali kuzima maora ambiri a tsiku. Cilolezo ca pa intaneti ico sicidikira. Masiku ace amawerengedwa ngakhale makina ali ozima. Kasola kocajira lamya sikangathe kuyendetsa PlayStation pamodzi ndi kanema, motero wofuna kusewerabe anayenera kugula petulo wa jenereta.

Cimene makolo ayenera kupenyetsetsa koposa ndi malonda a m'kati mwa masewera. Mu mpira wa EA muli timaphukusi togula ndi ndalama, tobisa osewera amene wogula sawadziwa mpaka atatsegula. Angapezemo katswiri, angapezemonso wopanda nchito, ndipo mtima umati yesanso. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti malonda otere ndi njuga, ndipo mu January 2019 EA inaleka kugulitsa ndalama za m'masewerawo m'dziko limenelo. Mwana wa sukulu amene wazolowera kutsegula timaphukusi sali patali ndi nyumba za kubeca zimene zafala m'maboma.

Sikuti njira zochipa palibe. Masewera aulere monga Fortnite safuna PlayStation Plus, ndipo Microsoft inacotsa malipiro pa masewera otere mu April 2021. Kampani ya Konami nayo inayamba kupereka mpira wace wa eFootball kwaulere m'caka comweco, ndipo umaseweredwa ngakhale pa lamya. Kwa mwini kanyumba ka masewera pa msika, makina akale a PlayStation 4, mapadi awiri olimba ndi benchi zimabweza ndalama msanga kupambana cilolezo ca madola, pakuti anyamata amalipira mpikisano uliwonse pamanja, wogonja nanyamuka kupatsa mnzace malo.