Dola Ikafika, Mvula Nayo Yafika

Mukayenda m'misewu ya Dangamvura, Chikanga kapena Sakubva Novembala akamatha, muona milu ya mchenga pazipata, njerwa zosanjidwa m'mbali mwa msewu, ndi matumba a simenti pakhonde atafunditsidwa pulasitiki yakuda. Mumzinda wa Mutare anthu ambiri amayamba kukonza pakhomo mitambo itayamba kale kuunjikana pamwamba pa mapiri a Bvumba.

Nyengo ya mvula aliyense amaidziwa, koma ndalama ili ndi nyengo yakeyake. Bonasi imabwera kumapeto kwa chaka, ana a ku Johannesburg amatumiza kangachepe kapena kubwera okha pa Khirisimasi, ndipo dola ikagona m'nyumba sichedwa kupeza ntchito ina: fizi ya Januwale, feteleza, maliro. Choncho mwini nyumba amathamangira kuisandutsa khoma isanathawe.

Ku Dangamvura tidafika pakhomo pa agogo ena omwe bambo awo adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chimanyika, koma akakwiya chimatuluka choyera. Mwana wawo wa ku Joni adatumiza ndalama yomangira mpanda wa njerwa, ndipo pulotiyo ili potsetsereka, monga alili malo ambiri mumzinda wozunguliridwa ndi mapiriwu.

Mmisiri ndi anyamata ake awiri adakumba maziko masiku awiri. Usiku wa tsiku lachitatu mvula idakhuthuka, ndipo kutacha dzenje lonse linali mtsinje wa madzi ofiira, m'mbali mutagumuka, achule akulira momwemo. Adakapa madzi ndi ndowa tsiku lonse, nakumbanso. Khoma litakwera, adasankha Loweruka lowala bwino kuti apake pulasitala. Ntchito idayenda mpaka masana, khoma likusalala ngati galasi. Kenaka mphepo idatembenuka. Pulasitiki yomwe adaipsinja ndi njerwa idauluka n'kukakola pa mtengo wa mapeyala wa aneba, ndipo mvula idamenya khomalo cham'mbali.

M'mawa mwake tidapeza agogowo akusesa. Khoma linali ndi mizere kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati lapalasidwa ndi nkhuku, ndipo m'tsinde mwake munali mchenga wotuwa, simenti yonse itapita ndi madzi kungalande ya mumsewu. Ankasesa pang'onopang'ono, kuunjika mchengawo pambali, akuti mwina ugwiranso ntchito. Foni inali m'thumba la epuloni, ndipo anali asanaganize chomuuza mwana wawo.

Mkangano udabuka pomwepo, ndipo ndi womwewo umene amisiri a mu Mutare amakangana chaka ndi chaka: kodi dzinja ndi nthawi yomangira kapena yodikira?

Mmisiri wa agogowo, mnyamata wa zaka za m'ma 30, sadagonje. Kwa iye dzinja ndilo bwenzi la simenti. Simenti imalimba chifukwa cha madzi, osati chifukwa cha dzuwa, ndipo konkire imafunika kukhala yonyowa pafupifupi sabata yathunthu, mphamvu yake n'kumawerengedwa pakatha masiku 28. M'dzuwa la Okutobala, iye adatero, pulasitala imauma msanga n'kung'aluka. Nanga madziwo angawatenge kuti m'chilimwe? M'dzina la Dangamvura muli mawu akuti mvura, omwe m'Chishona ndi madzi komanso mvula, koma derali lakhala zaka zambiri likudziwika ndi mipopi youma. M'dzinja amangoika mgolo pansi pa malata, madzi aulere n'kudzaza. Nzeru yake ndi yolawirira kusanache n'kuweruka masana asanapendeke, poti mvula ya mabingu imakonda madzulo. Loweruka lija, adavomera, adachedwa kuyamba.

Bambo wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe adapuma pantchito yomanga, ankangopukusa mutu. Sadatsutse zoti simenti imakonda chinyezi. Funso lake linali lakuti chinyezicho chifike liti. Madzi amathandiza simenti ikagwira kale, koma akaipeza m'maola oyambirira amaikokolola. Mchenga wonyowa umasokoneza muyezo, chifukwa mmisiri amathira madzi ake mwachizolowezi osawerengera omwe ali kale mumchengamo. Njerwa yokhuta madzi sigwirana bwino ndi matope a simenti. Thumba la makilogalamu 50 likagona pansi ponyowa limasanduka mwala. Ndipo dothi la m'maziko likafewa, khoma limakhala pa phala, mng'alu wake n'kudzaonekera chaka chamawa mmisiri atapita kale.

Mkuluyu ali ndi ndondomeko yake. Denga lodontha, mipaipi ya madzi a padenga ndi ngalande za pabwalo zikonzedwe chizimalupsa chisanagwe. Njerwa ziumbidwe ndi kuotchedwa m'chilimwe. Penti adikire mpaka Meyi kupita mtsogolo, khoma litauma mpaka mkati, apo ayi amatupa n'kusendeka. Wolandira ndalama mu Disembala agule malata, zitsulo ndi njerwa asunge, simenti adzagule ntchito ikayandikira.

Mnyamatayo adaseka. Adanena kuti malangizo otere ndi a munthu wa penshoni. Iye akadikira Meyi ana ake adya chiyani, ndipo mwini ndalama amene wabwera pa holide ya masabata atatu amafuna kuona khoma ndi maso ake asanakwere basi. Pakati pa dzinja, makamaka mu Januwale, kumakonda kuchita ng'amba ya masiku angapo, ndipo mmisiri wochenjera amalowa pomwepo.

Chovuta n'chakuti mvula ya kuno siyendera wotchi nthawi zonse. Pali guti, mvula yowaza ya nkhungu yofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, yomwe imatha kukhala masiku osapereka mpata woti khoma liume. Palinso anamondwe ochokera kunyanja ya Indian kudzera ku Mozambique, dziko lomwe malire ake ali pakhomo penipeni pa Mutare. Namondwe wa Idai adasakaza Chimanimani ndi Chipinge mu Malichi 2019, mwezi umene ambiri amaganiza kuti mvula ikutsazika. Chichokereni nthawi imeneyo, ngakhale amisiri olimba mtima amayamba asuzumira pafoni kuona zanyengo asanang'ambe thumba.

Agogo aja sadaweruze mlanduwo. Adamuuza mmisiriyo, momwe amauzira mwana wawo, kuti asiye khomalo momwe liliri mpaka mvula itatha, ndipo matumba otsala adawalowetsa kuchipinda chogona, pamwamba pa matabwa.

Titadutsanso patapita masabata angapo, mpandawo unali chiimire ndi mizere yake. Pa mulu wa mchenga pachipata panali patamera dzungu, litayanga mpaka pa njerwa, ndipo agogowo anali atayamba kale kuthyola nkhwani.