Chimene Chimatembenuza Singano ya Kampasi

Pamene ndege za Kauniuni zinali kuuluka chapansipansi m'dziko muno m'zaka za 2013 ndi 2014, akuluakulu a kwathu ku Mbulumbuzi, podziwa kuti ntchito yanga ndiyo kuyeza za m'kati mwa nthaka, anandifunsa chimene ndegezo zinali kusaka. Ndipo ndinawayankha kuti mwa zina zinali kuyeza mphamvu ya maginito, ija imatembenuza singano ya kampasi kuti iloze kumpoto. Miyala ya phiri la Chiradzulu imangowonjezerapo pang'ono, pakuti gwero lake lili kutali, makilomita 2,900 pansi pa mapazi athu, kumene chitsulo chili chosungunuka.

Kuti pulaneti likhale ndi mphamvuyi, pafunika zinthu zitatu: chamadzimadzi chotha kuyendetsa magetsi, kutakasika kwa chinthucho, ndi kuzungulira kwa pulanetilo. Taonani mphika wa phala pamafuwa: lapansi likatentha limakwera, lapamwamba likazizira limatsika. Chomwechonso chitsulo cha m'dziko lathu, pokwera ndi kutsika pamene dziko likuzungulira, chimabala magetsi, ndipo magetsiwo amabala maginito.

Venus, ngakhale alingana ndi dziko lathu pa msinkhu, alibe mphamvuyi. Amazungulira kamodzi pa masiku 243, koma ambiri a ife timati chifukwa chachikulu n'chakuti mphika wake ngovundikira: chikhungwa chake sichinagawike zigawo zoyenda monga chathu, chimene chikung'ambika ngakhale pano pa Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire, kotero kutentha kumasowa potulukira ndipo chitsulo sichitakasika. Mars anali nayo kale, nizilala zaka pafupifupi mabiliyoni anayi zapitazo. Umboni wake unatsala m'miyala, ndipo chombo cha Mars Global Surveyor ndicho chinaupeza. Mercury, wamng'ono koposa onse, ali nayo yofooka, imene Mariner 10 inaipeza mu 1974. Pamene Jupiter amapambana onse, chifukwa mpweya wa haidrojeni, popanikizidwa koopsa m'kati mwake, umayendetsa magetsi monga chitsulo.

Tsono kukula pakokha sikupatsa pulaneti mphamvuyi, ngakhalenso kutentha pakokha. Imapatsidwa kwa pulaneti limene likutaya kutentha kwake pa mlingo woyenera, losauma msanga ndiponso losaumira. Ndipo dziko lathu lidzakhala nayo kufikira tsiku limene chitsulo cha m'kati mwake chidzaleke kutakasika.